Mmene a Mbalule Anawolokera Mlatho wa pa Dikirani

Mu ufumu wa Zikubwera munali ntchito zina zimene maiko oyandikana nawo anali asanaziganizire, ndipo yolemekezeka mwa izo inali ya a Tadeyo Mbalule. Iwo anali Mtsogoleri wa Chisangalalo cha Anthu. Mfumu Ndaonazambiri Wachitatu ikamalankhula, a Mbalule ankakhala pampando wa kutsogolo, ndipo khamu lonse linkayang'ana pankhongo pawo. Akawomba m'manja, dziko linkawomba. Akaseka, dziko linkaseka. Akagwira pakamwa, dziko linkadabwa. Udindowu unakhazikitsidwa anthu a mudzi wina ataseka pamene Mfumu inkalengeza za imfa ya azakhali ake, poganiza kuti nthabwala imene inayamba nayo ija inali ikupitirira.

A Mbalule ankaigwira bwino ntchito yawo. Inawapatsa nyumba ya malata kuseri kwa bwalo lachifumu, suti yakuda ndi njinga ya belu. Vuto lawo linali limodzi, ndipo ankalidziwa ndi akazi awo okha, a Nasimango. Diso lawo la kumanzere linali ndi ng'ala. Inayamba ngati nkhungu ya m'mawa, kenako inangokhazikika. Iwo ankatsitsa pang'ono chikope cha diso limenelo, ndipo anthu ankati ndi ulemu. Kuchipatala sakanapitako, chifukwa Mfumu inali itathetsa ng'ala m'dziko lonse zaka zingapo m'mbuyomo, pamwambo umene a Mbalule eniakewo anatsogolera kuwomba m'manja.

Pakati pa ufumuwo pankadutsa mtsinje wa Dikirani. Tsidya lino kunali likulu, Tatsalapang'ono. Tsidya linalo kunali dera la Kwaiwalika, kumene mwana wawo mmodzi yekhayo, Lonesi, anapita kuchitengwa. Mlatho wa pa Dikirani unalonjezedwa ndi agogo ake a Mfumu. Kuchokera pamenepo, anthu akayamba kung'ung'udza, mfumu inkapita kukaika mwala wa maziko, mpaka miyalayo inachuluka, ndipo amayi ochapa zovala ankaiyamikira kwambiri. Anthu ankawoloka pa bwato la a Tambula, bambo wosalankhulalankhula amene sanalonjezepo munthu kanthu.

Chaka chimene Lonesi anakhala ndi pakati, Mfumu inapita kunja kukaona mmene anzake amalamulira, ndipo inabwerako ndi mabokosi. Nduna zonse zinaitanidwa. A Mwazionera, Nduna ya Zooneka ndi Zoyembekezeka, anaimirira pambali pa makina awiri a kanema ofanana ngati mapasa, ndi chinsalu chopaka siliva chonyezimira ngati mimba ya nsomba.

"Mwini Dziko," anatero a Mwazionera, "makolo athu ankamanga kaye chinthu, kenako n'kuchiona. Njira imeneyo ndi imene yatichedwetsa. Kunja kuja anthu amayambira kuona."

Anafotokoza kuti makina awiriwo amaponya zithunzi ziwiri za chinthu chimodzi pachinsalu chomwecho, china chojambulidwa cha kumanja pang'ono, china cha kumanzere pang'ono. Kenako anatulutsa magalasi otuwa a pulasitiki. Galasi la kumanja, anatero, limalola chithunzi chake chokha kudutsa, la kumanzere nalonso chake chokha, monga alonda awiri a pageti amene aliyense amalowetsa abale ake. Diso lililonse likalandira chake, mutu umaziphatikiza, ndipo chinthu chija chimatuluka m'chinsalu n'kudzaima pamaso pa munthu.

"Nanga munthu akavula magalasiwo?" inafunsa nduna ina yokalamba.

"Amaona milatho iwiri yosanjikizana, ngati akuchokera kumowa."

Mfumu inagwedeza mutu. "Ndiye kuti ngakhale wosamvera adzaona iwiri. Agogo anga analonjeza umodzi."

A Mbalule anawomba m'manja, nduna zinatsatira.

"Pali kanthu kamodzi, Mwini Dziko," anapitiriza a Mwazionera. "Munthu akapendeketsa mutu, magalasiwa amasiya kusankha bwino, ndipo chithunzi chimasokonekera."

"Ndakhala ndikunena," inatero Mfumu, "kuti anthu amene amapendeketsa mutu ine ndikamalankhula ndi amene akuwononga dziko lino."

Anatseka mazenera, jenereta inalira panja, ndipo aliyense anavala magalasi. A Mbalule anaona mlatho wokongola ndithu, wa zitsulo zofiira, wodera pang'ono ngati kunja kukufuna mvula, koma wathyathyathya ngati chithunzi cha pakalendala. Pamlathopo panatulukira lole ya matumba a chimanga. Iwo ankangoiyang'ana ikukula, akuganizira ngati pamenepa pakufunika kuwomba m'manja kapena kugwira pakamwa. Atacheuka anapeza nduna zonse zili pansi pa mipando. Nduna ya Zachitetezo inali itafika kale pakhomo.

A Mbalule anadzigwetsa pansi nawonso, koma lole inali itadutsa.

"Mwachedwa, a Mbalule," anatero a Mwazionera akusasa fumbi m'maondo.

"Ndimafuna ndione kaye kuti Mwini Dziko ali bwino," anayankha a Mbalule. Mfumu inakondwera ndi yankholo, koma iwo anamva thukuta likutsika mkati mwa suti.

Masana omwewo malamulo anatuluka. Mlatho wa pa Dikirani wamangidwa, ndipo utsegulidwa mwezi ukatha. Aliyense alandire magalasi. Kupendeketsa mutu pagulu ndi mlandu. Ndipo popeza mlatho ulipo, kuwoloka pa bwato ndi kunyoza Mfumu.

A Mbalule anafika kunyumba akukankha njinga. Akazi awo anali pakhonde, akuswa mtedza.

"Mayi a Lonesi, ntchito yatha," anatero. "Zinthu zimene zabwerazi zimafuna maso awiri. Ine ndikungoona kalendala."

"Anzanuwo akuona chiyani?"

"Akuti lole imatuluka m'chinsalu."

"Ya chimanga?"

"Ya chimanga."

"Chinatsalako m'holomo?"

"Ayi."

"Ndiye sinatuluke," anatero a Nasimango, n'kupitiriza kuswa mtedza.

Komabe nyumba inali ya ntchito, ndipo a Nasimango ankadziwa kuti malata sadontha ngati udzu. Anagwirizana kuti pachionetsero chilichonse azikhala kumanzere kwa amuna awo. Chinthu chikamatuluka kuti chiwagunde, aziwatsina pantchafu, iwo azilewa. Chikamatuluka choti achigwire, aziwagogoda pabondo, iwo azitambasula dzanja. Makina anayamba kuzungulira m'midzi ya tsidya lino kuti anthu azolowere, ndipo njirayi inayenda bwino. Ntchafu ya a Mbalule inatupa, koma dziko linkalewa panthawi yake.

Kumsika wa Tingotero anthu ankaika magalasi pamphumi, n'kumawatsitsa wapolisi akamadutsa. Wometa tsitsi anali atatseka shopu yake, chifukwa panalibe njira yometera kuseri kwa khutu popanda kupalamulitsa kasitomala. Bambo wina amene anagona molakwika n'kudzuka khosi litauma anali m'chitokosi, akudikira kuti khosilo liwongoke kuti mlandu wake uyambe.

"Ine ndinavala n'kuyang'ana m'dengu langa," anatero mayi wogulitsa matemba, a Nasimango akusankha mulu. "Matemba sanatuluke. Sanachulukenso."

"Mulibe makina," anatero wogulitsa nyama wa benchi yoyandikana. "Zimafuna makina awiri."

"Koma mlathowu ine wandizunguza. Ukavula ilipo iwiri. Ukavala ulipo umodzi. Dzana ndinapita kumtsinje."

"Munaona ingati?"

"Ndinaiwala magalasi."

"Ndi mlatho wamanyazi," anatero wa nyama uja akunola mpeni. "Umachepa munthu ukamauyandikira."

Kumapeto kwa msika, pansi pa mtengo wa mkuyu, a Nasimango anapeza a Tambula atakhala pathumba, akugulitsa nkhafi zawo ngati mithiko ya pamaliro.

"Bwato lili kuti, a Tambula?"

"Lili m'mabango. Likupuma." Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Masiku ano uthenga wa kutsidya umabwera mofuula. Dzulo apongozi a mwana wanu anafuula. Akuti masiku ayandikira, miyendo yatupa, ndipo mtsikanayo akungotchula inu."

A Nasimango anasiya matemba aja pabenchi ya munthu wina osazindikira. Atafika kunyumba anauza amuna awo kuti akapemphe chilolezo kwa a Nduna. A Mbalule anazengereza, koma Lonesi anali mwana wawo, amene ankamukweza pahandulo ya njinga ali wamng'ono n'kumulola kuliza belu mpaka kutchalitchi. M'mawa mwake anavala suti n'kupita.

"Chilolezo cha chiyani?" anafunsa a Mwazionera.

"Chowolokera, bwana Nduna. Akazi anga okha. Mwana wathu ali woyembekezera kutsidya, mimba yoyamba."

"Mlatho ndi waulere, a Mbalule. Palibe amene akuwaletsa."

"Ndimanena pa bwato, bwana."

A Mwazionera anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi pang'onopang'ono. "Sindinamve bwino. Mwati chiyani?"

"Ndati mlathowu ndi wokongola."

"Ndi wokongoladi."

A Nasimango anamvetsera nkhani yonse osadula mawu.

"Ndiye inu munati chiyani?"

"Ndinathokoza."

"Munawombanso m'manja?"

A Mbalule anati mwina mwambo wotsegulira mlatho ukatha lamulo lidzafewa, pakuti malamulo a m'dzikomo ankafewa okha anthu akawaiwala.

"Mwana sadikira mwambo, bambo a Lonesi," anatero akazi awo. Patapita kanthawi anafunsa, "Kodi masiku ano palibe ndi mmodzi yemwe amene boma limamulola kupita ku Kwaiwalika?"

"Palibe. Kupatula olakwira Mfumu, amene amathamangitsidwira kumeneko."

"Oho," anatero a Nasimango, n'kulowa m'nyumba.

Mwambo wotsegulira mlatho unachitikira m'shedi yaikulu ya fodya, kutali ndi mtsinje, chifukwa kumtsinje kunali matope. Anthu anadzaza mpaka m'makona. Mfumu inadula riboni imene anaimanga kutsogolo kwa chinsalu, n'kukakhala pansanja ya pambali kuti izionera anthu ake akuona. Lole ija inabwera, a Nasimango anatsina, a Mbalule analewa, ndipo dziko linalewa. Kunadutsa mbalame, anatsinanso, dziko linawerama.

Kenako panabwera gawo latsopano, limene a Mwazionera analibisa kuti likhale mphatso ya tsikulo. Pachinsalu panaoneka Mfumu yeniyeniyo ikuyenda pamlatho. Inafika pafupi, n'kutukula dzanja. Kwa onse a maso awiri, dzanjalo linatuluka m'chinsalu n'kudzaima pamphuno pa aliyense, likupempha moni. Kwa a Mbalule linali chikhatho chachikulu chathyathyathya, chofanana ndi chimene Mfumu inkatukula ikafuna kuti anthu akhale chete. Anadikira pabondo. Pabondo panalibe uthenga. Choncho anapinda manja pachifuwa n'kukhala chete mwaulemu wonse.

Kumbuyo kwawo anthu anali atayamba kale kutambasula manja. Ataona kuti a Mbalule apinda awo, anabweza mmodzimmodzi, nawonso n'kupinda. Dzanja la Mfumu linakhala m'malere kwa nthawi yaitali, chifukwa wojambula anasiya mpata wokwanira kuti dziko lonse lipereke moni.

A Mbalule anamva kuti bata limeneli silinali la masiku onse. Pofuna kuona akazi awo, amene anali mbali ya diso lakufa, anapendeketsa mutu. A Nasimango anali akuyang'ana kutsogolo, manja ali pamiyendo pawo, ngati ali pa ulaliki. Khamu nalo linapendeketsa mutu. Nthawi yomweyo anatsegula zitseko, kuwala kunalowa, ndipo Mfumu inaona dziko lake lonse litapinda manja, mitu ili chammbali.

Mlandu unazengedwa pabwalo m'mawa mwake. A Mbalule anagwada, suti ili yamakwinya chifukwa chogona nayo m'chitokosi.

"Mwini Dziko, sindinakane dzanja lanu. Sindinalione likutuluka. Diso langa ili lili ndi ng'ala, ndipo magalasiwa amafuna maso onse awiri."

"Ng'ala inathetsedwa," anatero a Mwazionera.

"Anaithetsa ndani?" inafunsa Mfumu.

"Inuyo, Mwini Dziko," anayankha a Mbalule.

"Anawomba m'manja ndani?"

"Ineyo, Mwini Dziko."

"Ndiye munkawombera chiyani?"

A Mwazionera anafotokozera bwalo kuti nkhaniyi inali ndi mbali ziwiri. Ngati munthuyu ali ndi ng'ala, waphwanya lamulo lothetsa ng'ala. Ngati alibe, wakana dzanja la Mfumu. Bwalo lisankhepo mbali imodzi. Mfumu inati popeza masiku ano zinthu zimaoneka bwino zithunzi ziwiri zikaphatikizana, itenga zonse ziwiri.

"Achoke tsidya lino, iye ndi mkazi wake, akakhale ku Kwaiwalika. Nyumba, suti ndi njinga zitsale. Ndipo adutse pamlatho, kuti auone ndi mapazi poti maso akana. Sajeni Malikebu akawapereke yekha m'manja mwa akuluakulu a kutsidya."

Pabwalo panakhala zii. Anthu sankadziwa ngati chiweruzochi chinali chosangalatsa kapena chodabwitsa, ndipo mwachizolowezi anayang'ana pankhongo pa a Mbalule. Iwo anamva maso onsewo, ndipo manja awo anawomba okha. Dziko linatsatira.

Asilikali atawaperekeza a Mbalule kunyumba kuti akavule suti, anapeza akazi awo atakhala pakhonde pakati pa mitolo. Mitoloyo inali yomanga bwino, pamwamba pake pali beseni latsopano, matewera ndi kabulangete ka mwana. A Mbalule anaiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lawo labwinolo.

Theka la msika wa Tingotero linawatsatira mpaka kumtsinje. Inali nthawi ya dzinja, ndipo Dikirani anali atadzaza, madzi ofiira akukokolola zitsa ndi mapesi. Miyala ya maziko inali pamalo pake. Sajeni Malikebu, bambo wamtali wa ndevu zometa bwino amene sankadziwa kusambira, anaima m'mphepete n'kuvala magalasi. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Anavula, n'kuwapumira mpweya, n'kuwapukuta, n'kuvalanso.

"A Mbalule," anatero motsitsa mawu, "inu mukuuona?"

"Ine ndaweruzidwa kale chifukwa chosaona, a Sajeni. Inu muli ndi maso awiri. Tsogolani, ife tizibwera pambuyo."

Sajeni anayang'ana asilikali ake. Asilikaliwo anapeza zoti aziyang'ana pansapato zawo. Pomaliza anatumiza mmodzi kulikulu kukanena kuti pamlatho pakufunika munthu wa udindo woti atsegulire ulendo woyamba. A Mwazionera anafika dzuwa litapendeka, ataganiza kuti kuli zolankhula. Analankhuladi, ataimirira pamwala wa maziko wa agogo ake a Mfumu, za mmene mlathowu wagwirizanitsira mbali ziwiri za dziko.

Atamaliza, a Nasimango anagwada patsogolo pawo. "Zikomo, bwana Nduna. Ife ndife anthu wamba, sitidziwa poyambira pake. Tiikireni phazi loyamba."

"Mlatho ngati uwu," anatero a Mwazionera, "sapondapo mothamanga."

Pamenepo kutsidya kunamveka mawu a mayi akufuula, mphepo ikuwadula. Anthu anakhala chete kuti amve. Mayi wogulitsa matemba uja ndi amene anali ndi makutu akuthwa.

"Akuti auzeni a Nasimango. Akuti matenda ayamba."

A Nasimango anadzuka. Anamanga chitenje m'chiuno molimba, anasenza mtolo wa beseni uja, n'kuyamba kutsikira m'madzi. Madzi anafika m'akakolo, kenako m'maondo.

"Mayi, bwererani," anatero Sajeni.

"Ndikutsata chiweruzo cha Mfumu, a Sajeni. Ndili pamlatho."

Madzi anafika m'ntchafu, ndipo anayamba kuwakankhira chammbali. A Mbalule sanaganize kanthu. Analowa nawonso, n'kuwagwira mkono, ndipo awiriwo anaima pamenepo akugwedezeka ngati bango. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, anthu anawayang'ana a Mbalule koma osawatsanzira.

Sajeni anayandikira a Mwazionera, nkhope ili gwa. "Bwana, anthu awa akamira, ine ndikanena chiyani kwa Mwini Dziko? Munthu samira ali pamlatho. Ndipo adzandifunsa kuti Nduna inali pati."

A Mwazionera anayang'ana madzi, anayang'ana khamu, ndipo anaona a Tambula ataima kumbuyo, nkhafi imene sinagulidwe ili paphewa.

"Bambo inu," anatero mokweza kuti onse amve, "n'chifukwa chiyani mwachedwa kubweretsa Chigawo Choyenda cha Mlatho?"

"Cha chiyani, bwana?"

"Mlatho wamakono uli ndi zigawo ziwiri. Pali chokhazikika, chimene tonse tachiona. Palinso choyenda, chimene chimasungidwa m'mabango. Kachitengeni."

A Tambula anaganiza pang'ono. "Chimafanana ndi bwato, bwana?"

"Kwa munthu wosavala magalasi."

A Tambula anavala magalasi awo n'kulowa m'mabango. Posakhalitsa Chigawo Choyenda cha Mlatho chinatulukira, chikudontha malo ake akale omwe aja. Anakweza a Nasimango ndi mitolo, kenako a Mbalule, kenako Sajeni, amene anakhala pakatikati, atatsinzina, manja atagwira mbali zonse ziwiri.

Atafika pakati pa mtsinje, pamene mawu sakanamveka kumtunda, a Mbalule analankhula osawayang'ana akazi awo.

"Munaiwala kundigogoda."

"Sindinaiwale."

"Nyumba yapita, mayi a Lonesi. Ndikupita kukagona kwa mkamwini, ine munthu wamkulu, nditavala malaya obwereka."

"Ndikudziwa. Ndinaganizira zonsezo." A Nasimango anakonza beseni pamiyendo. "Ndinakupemphani kuti mulankhule, munathokoza. Ndiye ndinaona kuti ndikulankhulitseni ndi manja, poti ndi amene amamveka kwa Mfumu."

"Akanatha kundimanga moyo wonse."

"Akanatha. Mtima wanga unali m'malere mpaka chiweruzo chinatuluka."

A Mbalule anali okwiya, ndipo anakhalabe okwiya mpaka kutsidya, koma dzanja lawo silinachoke pamkono wa akazi awo chifukwa bwato linkagwedera.

"A Tambula, tafika?" anafunsa Sajeni, maso ali chitsinzinire.

"Tikadali pamlatho," anatero a Tambula.

Lonesi anachira m'bandakucha, amayi ake ali pambali. Unali ulendo wovuta, ndipo azamba ananena pambuyo pake kuti mtsikanayo analimba mtima pokhapokha atamva mawu a amayi ake pakhomo. Mwana anali wamkazi. A Mbalule anamva kulira kwake ali panja, atakhala pamtondo wogwetsa pansi, pamodzi ndi mkamwini wawo ndi Sajeni, amene anali asanapezebe mtima wobwerera.

Kulikulu, a Mwazionera anauza Mfumu kuti olakwa awoloka pamlatho bwinobwino, ndipo Mfumu inalamula kuti ajambulenso mlatho wina kumtunda. Lamulo loletsa mabwato linakhalabe, chifukwa m'dzikomo munalibenso bwato. Koma Chigawo Choyenda chinali cha olakwa okha, choncho aliyense wofuna kukaona abale kutsidya ankapita pamaso pa wapolisi n'kupendeketsa mutu. Lachiwiri ndi Lachisanu, masiku a msika wa ku Kwaiwalika, olakwa ankachuluka kwambiri, ena atanyamula nkhuku. Madzulo ankabwerera, ndipo palibe amene ankawafunsa, pakuti palibe lamulo limene linaganizirapo zoti munthu angabwereko ku Kwaiwalika. Mfumu inadandaula kuti ulemu watha m'dziko, koma inakondwera kuti mlatho ukugwiritsidwa ntchito.

A Mbalule sanabwerere. Anamanga kanyumba ka udzu pafupi ndi ka mwana wawo, ndipo kankadontha. Kwa milungu ingapo ankalankhula ndi akazi awo kudzera mwa mdzukulu, amene anali asanayambe kumva. Tsiku lina mkamwini wawo anawauza kuti kuchipatala chaching'ono cha pachitunda kukubwera dokotala wa maso wochokera dziko loyandikana nalo.

"Wa maso? Adzachiza chiyani?"

"Ng'ala, apongozi."

"Ng'ala inathetsedwa."

"Kuno lamulolo silinafike. Kunalibe podutsa."

Motero kunapezeka kuti ku Kwaiwalika ng'ala inali ikadalipo, ndipo popeza inalipo, inkachotsedwa. A Mbalule anakhala pamzere pamodzi ndi okalamba ena, ndipo ambiri mwa iwo anali olakwa a Lachiwiri ochokera kulikulu, kuphatikizapo nduna yokalamba ija, itadzifunditsa chitenje kumutu. Awiriwo anapatsana moni ngati anthu osadziwana.

M'mawa wotsatira namwino anawatulutsa pakhonde la chipatala, a Nasimango atawagwira mkono, n'kumatula bandeji pang'onopang'ono. Kuwala kunawalasa, misozi inatsika. Kenako zinthu zinayamba kukhala m'malo mwake, zapafupi pafupi, zakutali kutali. Nkhope ya akazi awo inali pafupi kwambiri, ndipo inali itakalamba kuposa mmene ankaganizira. Anaiyang'ana kwa nthawi, ndipo a Nasimango anayang'ana kumbali.

"Tsopano tsekani diso labwino lija, agogo," anatero namwino. "Yang'anani kumunsi uko, pamtsinje, pamene pali miyala paja. Mukuonapo chiyani?"

A Mbalule anayang'anitsitsa. Anacheuka kaye kuti aone ngati kumbuyo kuli munthu.

"Madzi," anatero.

"Palibe china?"

"Madzi okhaokha, mwanangu."

"Ndiye mwachira," anatero namwino, n'kuitana wotsatira.